Nyenyezi Zoyenda Kumwamba kwa Rufunsa

Mau kwa Mphunzitsi

Nkhani iyi yakonzedwera ana a magiredi apamwamba a sukulu za pulaimale. Nthawi ya phunziro isanakwane, konzeranitu mpira, toci, kagalasi kakang'ono, mwala womangidwa kucingwe, ndi mapu a Zambia. Lembani pabolodi mau anai awa: setilaiti, roketi, mthunzi, mlengalenga. Ana akhale ndi makope ao ndi mapensulo, pakuti pali manambala ofunika kulemba.

Nkhani

Lero moni wapadera upite kwa inu a m'boma la Rufunsa: a kwa Mpanshya, a kwa Bunda Bunda, a kwa Shikabeta, a ku Chinyunyu kumene madzi otentha atumphuka pansi, ndi nonse okhala m'mbali mwa mseu waukulu wa Great East Road. Nkhani yathu ya lero inabadwira kwanuko, ndipo posacedwa mudzamva cifukwa cake.

Ndiyambe ndi funso. Kodi tsiku lina madzulo, mutadya nsima ndi kukhala pabwalo, munaonapo kanyenyezi kakuyenda pakati pa nyenyezi zinzake? Sikathamanga ngati nyenyezi yakugwa, ndiponso sikalira ngati ndeke. Kangoyenda mwakacetecete kucokera mbali ina ya thambo kunka ku mbali ina, kenaka kazimirira. Ngati munakaona, dziwani kuti munaona cinthu copangidwa ndi manja a anthu, cimene cinaponyedwa kumwamba ndi roketi ndipo cizungulira dziko lapansi usana ndi usiku. Dzina lake ndi setilaiti.

Ine ndimakhala mu Lusaka, ndipo kusaka masetilaiti si nchito imene ndinalembedwa. Ndimacita mwa cikondi cabe, monga mmene ena amakondera kuwedza nsomba. Ciyambi canga cinali ca manyazi. Ndinawerenga kuti cinyumba cacikulu ca mumlengalenga cochedwa International Space Station, kapena ISS mwacidule, cidzadutsa pamwamba pa mzinda wathu. Ndinaitana ana anga ndi ana a anansi, ndi kuima nao panja, makosi ali copenya kumwamba. Tinadikira mpaka makosi anawawa, koma sitinaone kanthu. M'mawa mwake ndinapeza colakwa canga. Nthawi imene ndinalemba inali ya Greenwich, ku England, pamene nthawi yathu ya Zambia ili patsogolo ndi maola 2. Tinatuluka panja maola awiri ciombo cisanafike, ndipo pamene cinadutsa ife tinali m'nyumba.

Usiku waciwiri nthawi ndinaipeza bwino, koma nyale yaikulu ya pampanda wa mnansi inatithobwa m'maso. Mwana wina anafuula kuti waciona, tonse tinaomba m'manja, koma posakhalitsa tinaona tinyale tofiira ndi tobiriwira tikuphethira, ndipo tinamva kulira kwa injini. Inali ndeke yopita ku bwalo la Kenneth Kaunda. Usiku wacitatu tinapita kuseri kwa nyumba, kumene khoma linatibisa ku nyale ija. Pamenepo cinatulukira: kuwala koyera, kosaphethira, kowala kuposa nyenyezi zonse, kukwera kucokera kumadzulo. Tinakutsata ndi maso mphindi zinai kufikira kunazimirira. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo usiku umenewo ndinawavomereza.

Komabe mu tauni tiona masetilaiti owala kwambiri okhaokha. Nyale za m'miseu, za m'masitolo ndi za magalimoto zimawalitsa fumbi ndi utsi wa mumpweya, kotero kuti thambo lioneka lotuwa, ndipo tinthu tosawala kwambiri timabisika. M'caka ca 2024, pamene madzi a ku Kariba anacepa cifukwa ca cilala ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri, anthu ena a mu Lusaka anadabwa kuona nyenyezi zimene anali asanazionepo pamwamba pa nyumba zao. Nyenyezizo zinalipo masiku onse, koma kuwala kwa mzinda ndiko kunaziphimba.

Pa ulendo wina wa nchito ndinagona pa sukulu ina ya m'boma la Rufunsa, makilomita oposa 150 kum'mawa kwa Lusaka. Dzuwa litalowa ndinatuluka panja ndi aphunzitsi ndi ana a pafupi. Mlalang'amba unali utayala pakati pa thambo ngati ufa wotayika. Ndinayamba kusimba monyadira za usiku wanga wacitatu uja. Mtsikana wina wamng'ono anamvetsera mwaulemu, ndipo nditatha anati, "Aphunzitsi, nyenyezi zoyendazo ife timaziona masiku onse. Onani ina iyo." Ola lisanathe anawo anandionetsa masetilaiti oculuka kuposa onse amene ndinaona mu Lusaka mwezi wathunthu. Maso anali nao, mdima wabwino anali nao. Cimene anasowa ndi munthu wowauza cimene anali kuona. Ndico cifukwa cake takonza nkhani ino.

Tiyeni tibwerere m'mbuyo pang'ono. Setilaiti yoyamba inaponyedwa ndi dziko la Soviet Union pa 4 October 1957, dziko lathu likali kuchedwa Northern Rhodesia. Dzina lake linali Sputnik 1. Inali yobulungira ngati mpira waukulu wacitsulo, masentimita 58 m'mimba mwake, yolemera makilogalamu 84. Inazungulira dziko kamodzi pa mphindi 96 zilizonse, ndipo kwa masabata atatu inatumiza kulira kwa wailesi kumene anthu ambiri anakumva. Mu January 1958 inatsika ndi kupsa mumpweya. Pa 12 April 1961 Yuri Gagarin anakhala munthu woyamba kuzungulira dziko mumlengalenga, ndipo mu July 1969 anthu a ku America anaponda pa mwezi. Lero masetilaiti ogwira nchito apitirira 10,000.

Mwina wina afunsa kuti, nanga cinthu colemera cotere cilekeranji kugwa? Funso labwino ndithu, pakuti safunsa anadya phula. Taganizani mwaima pamwamba pa phiri ndi kuponya mwala. Mwalawo upita patsogolo pang'ono, kenaka ugwa, cifukwa dziko lili ndi mphamvu yokokera zinthu pansi. Mukauponya mwamphamvu, ugwera patali. Tsono kumbukirani kuti dziko ndi lobulungira. Mwala utaponyedwa ndi liwiro lalikulu zedi, pamwamba pamene palibe mpweya woubweza, ungayambe kugwa ndithu, koma nthaka nayonso ikhala ikupindikira pansi pake, ndipo mwalawo sungaikhudze. Ungopitirira kuzungulira. Setilaiti icita comweco. Aphunzitsi, tulukani panja ndi mwala wa pacingwe uja ndi kuuzunguza, ana ataima patali. Cingwe cikoka mwala kuti usathawe, monga dziko likoka setilaiti, ndipo liwiro liuletsa kugwera padzanja.

Liwiro limeneli ndi lotani? Lembani manambala awa. ISS iuluka pa mtunda wa makilomita pafupifupi 400 kucokera pansi. Iyenda makilomita pafupifupi 28,000 pa ola, ndiko kuti makilomita pafupifupi 8 pa sekondi imodzi. Izungulira dziko lonse pa ola limodzi ndi theka, kapena maulendo 16 pa tsiku. Tsopano yang'anani pamapu. Kucokera ku Lusaka kufika ku Chipata pali makilomita pafupifupi 570, ulendo umene basi imathera maola ambiri. ISS ingaumalize pa mphindi imodzi ndi masekondi 15. Onaninso kuti ikadutsa pamwamba pa mutu wanu ku Rufunsa, imakhala pafupi ndi inu kuposa mmene Chipata alili ndi Lusaka. Mlengalenga suli kutali monga tiganizira.

Utali wa ISS ndi mamita 109, pafupifupi bwalo la mpira wa miyendo. Cigawo cake coyamba cinaponyedwa mu 1998, ndipo kuyambira mu November 2000 simunasowepo munthu m'menemo. Maiko a America, Russia, Japan, Canada ndi a ku Ulaya anagwirizana pomanga, pakuti mutu umodzi susenza denga. Mu 2002 Mark Shuttleworth wa ku South Africa anakhalamo masiku angapo. Mukaiona ikudutsa, kumbukirani kuti m'kuwala kumeneko muli anthu amene akudya, kugona ndi kugwira nchito. Dziko la China nalo lili ndi cinyumba cake cochedwa Tiangong, cimene cigawo cake coyamba cinaponyedwa mu 2021, ndipo naco cioneka ndi maso. Palinso telesikopu yochuka ya Hubble, imene inaponyedwa mu 1990. Njira yake siitalikira kwambiri ku mzere wa Equator, conco ife amene tili madigiri 15 kum'mwera kwa mzerewo tingaione ikudutsa pamwamba penipeni, mwai umene anthu a ku London alibe.

Tsopano tifike pa funso lofunika koposa kwa msaki: cifukwa ninji masetilaiti aoneka madzulo ndi m'bandakuca, osati pakati pa usiku? Inu a ku Rufunsa, dziko la mapiri, yankho mumaliona kawirikawiri. Dzuwa likalowa, m'cigwa mumayamba mdima, koma pansonga pa phiri pamakhala pakali kuwala. Phirilo lilibe nyale. Cifukwa ca kutalika kwake likali kuona dzuwa limene inu a m'cigwa simuliona. Setilaiti ili pamwamba kuposa phiri lililonse. Kuwala kumene tiona ndi kwa dzuwa, kumene kwagunda zitsulo zake ndi masola ake ndi kubwerera kwa ife, monga kagalasi kamabwezera kuwala pakhoma. Masana thambo liwala kwambiri ndipo setilaiti siioneka. Pakati pa usiku masetilaiti apafupi amakhala mumthunzi wa dziko. Nthawi yathu ndi ola limodzi kapena awiri dzuwa litalowa, ndi ola limodzi kapena awiri lisanatuluke.

Aphunzitsi, izi mungazionetse m'cipinda ca mdima. Mpira ukhale dziko, toci ikhale dzuwa. Mwana mmodzi azunguze kamwala koyera kuzungulira mpirawo. Ana adzaona kamwalako kakuwala, kenaka kada pamene kalowa kuseri kwa mpira. Izi zifotokozanso cinthu cimene cimadabwitsa ambiri: setilaiti ikhoza kuzimirira pakati penipeni pa thambo popanda mtambo. Sinazime ndipo sinagwe. Yangolowa mumthunzi wa dziko lathu.

Msaki wabwino adziwa kusiyanitsa mapazi a nyama. Nanunso phunzirani kusiyanitsa zowala za kumwamba. Ndeke ili ndi nyale zophethira, zofiira, zobiriwira ndi zoyera, ndipo kawirikawiri imveka kulira. Nyenyezi yakugwa imang'anima ndi kutha pa sekondi imodzi kapena ziwiri; imeneyo ndi kamwala ka mumlengalenga kakupsa mumpweya. Nthanda, imene azungu aicha Venus, iwala kwambiri kumadzulo kapena kum'mawa, koma mukaiyang'ana mphindi zisanu simuona kuti yasuntha. Setilaiti iyenda mosadukiza, mopanda phokoso, ndipo itenga mphindi ziwiri kufikira zisanu ndi imodzi kuoloka thambo. ISS imatulukira ca kumadzulo ndi kulowera ca kum'mawa, nthawi zina mopendekera kumpoto, nthawi zina kum'mwera. Masetilaiti ena, makamaka ojambula zithunzi za dziko, ayenda kucokera kumpoto kunka kum'mwera kapena kucokera kum'mwera kunka kumpoto. Mukaona ina ikuwala ndi kuzilala mobwerezabwereza, kawirikawiri cimakhala cidutswa ca roketi yakale cikugubuduzika.

Pali cinanso catsopano cimene muyenera kucidziwa. Kuyambira mu May 2019 kampani ya SpaceX ya ku America yakhala ikuponya masetilaiti ochedwa Starlink, ambirimbiri pa roketi imodzi. Nchito yao ndi kupereka intaneti, ndipo mu Zambia anayamba kugwira nchitoyi mu 2023. Masiku oyamba ataponyedwa amayenda pamzere umodzi, motsatana ngati ana olowa m'kalasi kapena ngati mabogi a sitima. Patapita masiku amamwazikana. Munthu woona mzere umenewu koyamba akhoza kucita mantha, ndipo palibe comuseka.

Apa ndifuna kuti mumvetsetse, ana inu. M'midzi mwathu, cinthu cacilendo cikaoneka usiku, nthawi zina mantha amabala mphekesera, ndipo mphekesera zimagwera munthu. Kawirikawiri zimagwera gogo wokalamba wokhala yekha, amene alibe womuimira. Anthu anena kuti zowala zija ndi ndeke ya ufiti, ndipo aloza cala panyumba pake. Okalamba ena amenyedwa kapena kupirikitsidwa m'mudzi cifukwa ca kunenezedwa kotere, ngakhale lamulo la dziko lathu liletsa kuchula munthu kuti ndi mfiti. Mwana amene adziwa za masetilaiti angathandize. Sayenera kukangana ndi akulu kapena kuwanyoza. Anene mwaulemu kuti, "Agogo, aphunzitsi anatiuza za zimenezi. Mawa nthawi yakuti kudzadutsa cina cowala kucokera uko. Tiyeni tikaonere pamodzi." Cinthu cimene mwana wa sukulu atha kulosera nthawi yake ndi wochi sicingakhale ca m'licero la munthu wa m'mudzi. Anthu akaona kuti cafika pa nthawi yonenedwa, mantha amacepa.

Nanga nthawiyo tingaidziwe bwanji? Njira za masetilaiti zidziwika bwino, ndipo makompyuta amawerengeratu. Mphunzitsi amene ali ndi foni ya intaneti afunefune Heavens-Above, asankhe malo a sukulu yake pamapu, ndipo adzaona masiku, nthawi, mbali imene setilaiti idzatulukira ndi kutalika kwake pathambo. Akopere m'kope za masiku angapo nthawi imodzi, popeza netiweki siipezeka paliponse. Musabwereze colakwa canga: tsimikizani kuti malo ndi anu ndipo nthawi ndi ya Zambia. ISS siioneka usiku uliwonse. Imaoneka madzulo masiku angapo, kenaka isowa, kenaka ioneka m'bandakuca. Amene alibe foni asataye mtima. Kumalo a mdima, munthu woyang'ana modekha kwa theka la ola dzuwa litalowa sabwerera cimanjamanja.

Nyengo yabwino ndi ya cisanu, kuyambira May kufikira July, pamene mitambo yatha ndipo mpweya uli woyera. Pa nthawiyi dzuwa limalowa 18 koloko isanakwane, conco nchito yonse itha ana asanagone. Kuyambira August kufikira October utsi wa moto wa m'chire ndi fumbi zimadetsa thambo, ndipo m'dzinja mitambo imatiphimbira, ngakhale usiku wotsatira mvula umakhala woyera modabwitsa. Sankhani masiku amene mwezi suli waukulu. Khalani pamalo oyera monga bwalo la mpira, kutali ndi moto ndi nyale. Yalani mphasa ndi kugona cagada kuti khosi lisawawe. Maso afuna mphindi pafupifupi 20 kuti azolowere mdima, ndipo mukayang'ana toci kapena foni muyambiranso. Ngati mufuna kuunika polemba, phimbani toci ndi pepala lofiira. Valani zofunda ndi nsapato, samalani njoka, ndipo mwana aliyense asapite kutali ndi nyumba usiku popanda mphunzitsi kapena kholo. Za dzuwa, musaliyang'ane ndi maso kapena ndi magalasi oonera patali, cifukwa lingakucititseni khungu.

Kuona kokha sikukwanira, wasayansi amalemba. Gawanani m'magulu anai, lina liyang'ane kumpoto, lina kum'mwera, lina kum'mawa, lina kumadzulo. Mmodzi asunge wochi, wina alembe. Pa setilaiti iliyonse lembani tsiku, nthawi, kumene yacokera, kumene yalowera, kuwala kwake, ndi nyenyezi zimene yapyola pafupi. Apa ndipo nzeru za makolo zitithandiza. Funsani agogo akuonetseni Nsangwe ndi Akamwiniatsatana, zimene zioneka madzulo m'nyengo ya dzinja, ndipo afunseninso maina a nyenyezi m'Cisoli. M'nyengo ya cisanu mudzaona Mtanda wa Kum'mwera. Poyesa kutalika, tambasulani dzanja ndi kufumbata nkhonya. Nkhonya imodzi iphimba madigiri pafupifupi 10 a thambo, ndipo kucokera m'mphepete mwa dziko kufika pamwamba pa mutu pali nkhonya 9. Mukalemba kuti inakwera nkhonya 6, mwalemba madigiri 60.

Musaganize kuti nchito yotere ndi masewera cabe. Mu 1956 katswiri wa zakuthambo wa ku America, Fred Whipple, anayambitsa gulu lochedwa Moonwatch. Anapempha anthu wamba, aphunzitsi, ana a sukulu ndi anchito a m'maofesi kuti akonzekere kuyang'anira masetilaiti. Anali kukhala pamzere, aliyense ndi katelesikopu kake koyang'ana kacigawo kake ka thambo, ndipo woona anali kufuula kuti nthawi ilembedwe. Pamene Sputnik inaponyedwa mwadzidzidzi, makamera aakulu a akatswiri anali asanakonzeke, ndipo zolemba za anthu wambawa zinathandiza kupeza njira za masetilaiti oyamba. Magulu ena anali muno mu Africa, ku Cape Town ndi ku Johannesburg. Nchitoyi inapitirira mpaka 1975.

Citsanzo cina ndi ca sukulu ya Kettering ku England. Mphunzitsi wa sayansi, Geoffrey Perry, pamodzi ndi ana ake a sukulu, anali kumvetsera masetilaiti a Soviet Union ndi wailesi yakale ndi kulemba nthawi mosamala. Mu 1966 anaona kuti setilaiti ina, Cosmos 112, inayenda njira yosagwirizana ndi malo odziwika oponyera maroketi. Atawerengera, anapeza kuti inacokera kumalo ena kumpoto kwa Russia, ochedwa Plesetsk, amene boma la dzikolo linali kubisa ndipo linadzavomera mu 1983. Anawo anali ndi wailesi, wochi, masamu ndi kupirira.

Ifenso mu Zambia tili ndi mbiri yathu. M'caka ca ufulu, 1964, a Edward Mukuka Nkoloso, amene anali mphunzitsi wa sayansi ndiponso womenyera ufulu, anamveka m'maiko ambiri ponena kuti Zambia idzatumiza anthu ku mwezi. Anasonkhanitsa anyamata ndi mtsikana pafupi ndi Lusaka, ndipo powakonzekeretsa anali kuwagubuduza m'dilamu pamtsetse. Ndalama sanazipeze, roketi sinauluke, ndipo atolankhani akunja anawaseka. Njira zao sizikanafikitsa munthu kumwamba, zimenezo nzoona. Koma anaphunzitsa poyera kuti mwana wa mu Africa ali ndi ufulu wofunsa za mlengalenga, pa nthawi imene ambiri sanali kuganiza tero. Patapita zaka khumi, mu 1974, ku Mwembeshi kumadzulo kwa Lusaka kunatsegulidwa siteshoni ya mbale yaikulu yolankhula ndi masetilaiti, ndipo dziko lathu linayamba kutumiza ndi kulandira mafoni ndi zithunzi za wailesi yakanema kudzera mumlengalenga.

Masetilaiti amene mbale zotere zilankhula nao simungawaone ndi maso. Ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 36,000 pamwamba pa Equator, kumene kuzungulira kamodzi kumatenga tsiku lathunthu. Popeza dziko nalo litembenuka kamodzi pa tsiku, setilaiti yotere ioneka ngati yaima pamalo amodzi. Ndico cifukwa cake mbale ya wailesi yakanema pa denga la sitolo siisuntha, ndipo mbale zambiri za pamsika umodzi ziloza mbali imodzi. Masetilaiti ena amajambula mitambo, ndipo ndiwo anathandiza kutsata namondwe Freddy asanafike ku Mozambique ndi ku Malawi mu 2023. Ena amauza foni malo amene ili. Ena amaonetsa mmene mbeu zakulira m'minda, kumene moto wabuka, ndi mmene mitengo ikuthera cifukwa ca makala. Phiri lililonse la ku Rufunsa limene lametedwa mitengo lioneka pa zithunzi zimenezo.

Ana inu a ku Rufunsa, nthawi zambiri mumamva kuti zabwino za maphunziro zili m'tauni: malabolatale, makompyuta, mabuku ambiri. Zina mwa izo nzoona, ndipo tiyenera kulimbikira kuti zifike kwa inunso. Koma pa phunziro ili inu ndinu olemera kuposa ana a mu Lusaka, pakuti thambo la mdima ndi cipangizo cimene iwo anataya. Magetsi akadzafika m'mudzi mwanu tidzakondwera nanu, ndipo mudzauze akulu kuti nyale za panja aziike zoloza pansi, kumene kuwala kufunika. Inu a mu Lusaka, a ku Chongwe ndi a ku Chipata, musagwe mphwayi. Pezani malo a mthunzi kuseri kwa khoma monga ndinacitira ine, ndipo ISS mudzaiona.

Sabata ino, thambo likayera, tulukani ndi makope anu. Mulembe zimene mwaona, osati zimene mnzanu wanena kuti waona, ndipo ngati simunaone kanthu mulembe comweco, cifukwa naconso ndi coona. Aphunzitsi asonkhanitse zolembazo ndi kuziyerekeza ndi za sukulu yoyandikana nayo.

Mafunso ndi Zocita

1. Kodi setilaiti yoyamba inali yotani dzina lake, ndipo inaponyedwa caka citi?

2. Fotokozani cifukwa cimene masetilaiti aonekera madzulo ndi m'bandakuca. Gwiritsani nchito citsanzo ca phiri ndi cigwa.

3. Chulani zinthu ziwiri zosiyanitsa ndeke ndi setilaiti.

4. ISS iyenda makilomita 8 pa sekondi imodzi. Idzatenga masekondi angati kuyenda makilomita 160?

5. Ngati nthawi ya Greenwich ili 16.30, kodi mu Zambia ndi nthawi yanji?

6. Jambulani mpira, toci ndi mthunzi, ndipo sonyezani malo amene setilaiti imazimiririka.

7. Funsani munthu wacikulire wa kwanu maina atatu a nyenyezi ndi nyengo imene zioneka. Lembani mainawo m'cinenero cimene wakuuzirani.

8. Konzani kasewero kaafupi: anthu a m'mudzi aona mzere wa zowala kumwamba ndipo acita mantha, ndipo mwana wa sukulu awafotokozera mwaulemu.